Chisiyireni jakisoni msambo wanga ukusinthasintha, kodi thupi langa linaonongeka?

Funso: "Anamwino, ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo ndili ndi mwana mmodzi. Ndinabayitsa jakisoni wa Depo kwa zaka zitatu, ndipo pa zaka ziwiri zomalizira sindinkasamba n'komwe. Jakisoni womaliza ndinabayitsa miyezi 11 yapitayo chifukwa tikufuna mwana wachiwiri. Msambo unabwerera patatha miyezi 6, koma sukuyenda mwadongosolo. Kuchokera msambo wina kufika wina panadutsa masiku 35, kenako 26, kenako 33, ndipo ulendo watha 30. Pulogalamu ya pafoni imandiuza kuti dzira limatuluka tsiku la 14, ndiye ine ndi bambo akunyumba timakhalira limodzi masiku amenewo, koma mimba palibe. Apongozi anga akuti magazi amene sankatuluka aja anaundana m'chiberekero n'kuwononga mazira. Chinanso, masiku ena ndimatuluka chikazi chotanuka ngati therere, ndipo ndikuopa kuti ndi matenda. Ndithandizeni." Mayi wa ku Dedza.

Mayi, khazikani mtima pansi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo chimene ndikuona m'menemo ndi thupi limene likudzuka bwinobwino pambuyo pa jakisoni. Masiku 26 mpaka 35 amene mwatchulawo onse ali m'malire a msambo wabwino, chifukwa kwa mkazi wamkulu chilichonse kuyambira masiku 21 mpaka 35 timachiona ngati choyenera. Chikazi chimene chikukuopsanicho ndi chimene chandisangalatsa koposa, ndipo mumva chifukwa chake. Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba zaka zoposa 20, zambiri mwa izo m'chipinda cha zakulera, ndipo funso ngati lanuli silitha sabata osandifika. Chimene chimasokoneza amayi ambiri ndi nambala 14 imeneyi, ndiye ndiloleni ndikufotokozereni mmene msambo umayendera kuti muone nokha pamene pulogalamu ya pafoni ikukusocheretsani.

Ambiri timaganiza kuti msambo ndi nkhani ya chiberekero chokha, poti magazi amachokera kumeneko. Koma lamulo limayambira m'mutu. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamatulutsa homoni (timadzi tonyamula uthenga m'thupi) ya GnRH pang'onopang'ono, ngati kugogoda pakhomo, pafupifupi ola lililonse kapena ola ndi theka kumayambiriro kwa mwezi wa mayi. Kugogodako kumamveka ku kachiwalo kena kali pansi pa ubongo, kukula kwake ngati njere ya nandolo, kotchedwa pituitary. Iko kamayankha potulutsa mahomoni awiri, FSH ndi LH, amene amayenda m'magazi mpaka kukafika ku timatumba tiwiri tosunga mazira, kamodzi kumanja kena kumanzere kwa chiberekero. Timatumbato natonso timatulutsa mahomoni athu achikazi, estrogen ndi progesterone, amene amagwira ntchito m'chiberekero komanso amabwerera ku ubongo kukanena mmene zinthu zilili kumusi. Mwezi wonse mutu ndi mazira zimakhala zikutumizirana uthenga, ndipo magazi amene mumaona ndi mathero chabe a kukambiranako.

Za mazira ndinenerepo pomwepa, chifukwa ndi pamene apongozi anu akudera nkhawa. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Pofika potha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000 kapena 400,000, ndipo moyo wake wonse amene amakhwima n'kutuluka ndi 400 kapena 500 okha. Otsalawo amafota okha pang'onopang'ono, kaya mayi akulera kaya sakulera. Pa zaka 29 nkhokwe yanu ikadali ndi zambiri, ndipo jakisoni sapsereza kapena kuvunditsa dzira ngakhale limodzi.

Tsiku loyamba la mwezi wanu ndi tsiku limene magazi ayamba kutuluka enieni, osati timadontho tabulauni timene nthawi zina timatsogola. Pa tsikuli estrogen ndi progesterone zimakhala zatsikiratu. Ubongo ukaona kuti kumusi kuli zii, umakweza FSH, ndipo FSH imadzutsa kagulu ka mazira, lililonse lili m'kathumba kake kamadzi. Amayamba kukula limodzi, koma patapita masiku kathumba kamodzi kamapitirira anzake. Kathumba kotsogolaka kamatulutsa estrogen yambiri, ndipo estrogen imeneyo imauza ubongo kuti uchepetse FSH. Anzake aja, posowa FSH, amafota. Ndi chifukwa chake kawirikawiri timabereka mwana mmodzi pa mimba imodzi, ndipo pakakhwima mazira awiri mwezi womwewo m'pamene timapeza mapasa osafanana nkhope.

Estrogen ikamakwera imamanganso khungu lamkati mwa chiberekero limene linakokoloka ndi msambo wapita. Zili ngati mayi amene akuzira nyumba ndi kuyala mphasa poyembekezera mlendo. Imasinthanso chikazi chochokera pa khomo la chiberekero. Msambo ukangotha ambiri amamva kuuma, kenako chikazi chimabwera chochepa chomata, kenako chimachuluka, chimayera ngati madzi, chimaterera, ndipo mukachitenga pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala chimatanuka osaduka. Mwachifanizira bwino ndi therere, ena amati ngati choyera cha dzira laliwisi. Chimenechi si matenda, mayi. Ndi chizindikiro chakuti estrogen yakwera ndipo dzira lili pafupi kutuluka. Mbewu ya abambo imasambira mosavuta m'chikazi chimenechi, ndipo imatha kukhala yamoyo m'menemo mpaka masiku 5 ikudikira dzira.

Apa mtima umandiwawa ndikakumbukira amayi amene ndawaona. Wina anabwera atatupa ndi kusupuka kumaliseche chifukwa mwezi uliwonse akaona chikazi chotanukachi ankati ndi mauka, ndiye ankatsuka mkati ndi sopo, n'kuikamo mankhwala a zitsamba oumitsa, ndipo masiku amenewo ankawakaniza amuna ake kuti asawapatsire matenda. Anali atatha zaka ziwiri akufuna mwana. Masiku enieni amene akanatenga pakati ndi amene ankawatseka ndi manja ake, osadziwa. Chikazi cha matenda chimadziwika: chimanunkha ngati nsomba, kapena chimakhala chachikasu kapena chobiriwira, kapena chimaundana ngati chambiko n'kumayabwa, nthawi zina pamakhala kuotcha pokodza kapena kupweteka pachinena. Chikakhala chotero, pitani kuchipatala. Koma choyera, choterera, chosanunkha ndi chosayabwa, chisiyeni chigwire ntchito yake. Kusamba kunja ndi madzi n'kokwanira.

Tibwerere ku dzira. Estrogen ikafika pamwamba n'kukhala pamenepo pafupifupi masiku awiri, ubongo umasintha mayankhidwe. M'malo mochepetsa, umatulutsa LH yambiri nthawi imodzi. Patatha maola 24 mpaka 36 kathumba kaja kamaphulika ndipo dzira limatuluka n'kulowa mu njira yopita ku chiberekero. Amayi ena amamva kulasa pang'ono mbali imodzi ya pachinena tsiku limenelo, ena amaona kadontho ka magazi, ambiri samva kanthu. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 basi. Mukaphatikiza masiku 5 a mbewu ya abambo ndi tsiku limodzi la dzira, muona kuti mwezi uliwonse masiku otengera pakati ndi pafupifupi 6, ndipo abwino kwambiri ndi awiri kapena atatu dzira lisanatuluke.

Kathumba kotsala kopanda dzira kaja sikatha ntchito. Kamasanduka kanthu kachikasu kamene kamatulutsa progesterone, ndipo chigawo chachiwiri cha mwezi chimakhala m'manja mwa homoni imeneyi. Progesterone imakhwimitsa khungu la m'chiberekero, kulidzaza ndi timitsempha ta magazi ndi chakudya, kuti dzira lokumana ndi mbewu likafika lipeze pokhazikika. Imalimbitsa chikazi kuti khomo la chiberekero litsekeke, n'chifukwa chake therere lija limasowa mwadzidzidzi. Imakweza kutentha kwa thupi pang'ono, ndi madigiri 0.3 mpaka 0.5. Ndiyonso imachititsa mabere kulemera ndi kuwawa, mimba kufufuma, chimbudzi kuvuta, ziphuphu kumera, ndipo pamene ikutsika ena amakwiya msanga kapena kulira popanda chifukwa chenicheni. Zimenezi ndi zenizeni za m'thupi, ndipo abambo akunyumba ndi bwino azidziwe kuti asamaziyese mwano.

Kanthu kachikasuko kali ndi moyo wowerengeka, pafupifupi masiku 14, kwa ena 12, kwa ena 16. Mimba ikakhazikika, kamwana kongoyamba kumene kamatulutsa homoni ya hCG imene imakasunga kamoyo kuti progesterone isatsike, ndipo hCG yomweyo ndi imene timaipeza mu mkodzo poyeza mimba. Mimba ikapanda kukhala, kanthuko kamafota, progesterone ndi estrogen zimagwa, timitsempha ta m'khungu lija timafinyika, ndipo khungulo limayoyoka n'kutuluka pamodzi ndi magazi. Umenewo ndiwo msambo. Pa nthawiyi chiberekero chimatulutsa timadzi totchedwa prostaglandin timene timachifinya kuti chikankhire zonse kunja, ndipo ndi timene timabweretsa cham'mimba, kupweteka kwa msana, ngakhale kutsekula m'mimba tsiku loyamba. Ubongo ukaona kuti mahomoni atsika umakwezanso FSH, ndipo ulendo umayambiranso.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa yankho lanu lagona pomwepa. Chigawo chachiwiri, kuchokera pamene dzira latuluka kufika pa msambo, sichisinthasintha kwenikweni. Chimene chimatalika kapena kufupika ndi chigawo choyamba, nthawi imene dzira likukhwima. Choncho tsiku la dzira timaliwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa msambo wotsatira, kuchotsa masiku pafupifupi 14. Tsiku la 14 limagwira kwa mayi amene mwezi wake uli ndi masiku 28. Tiyeni tiwerenge miyezi yanu. Mwezi wa masiku 35, dzira linatuluka cha pa tsiku la 21. Wa masiku 26, cha pa 12. Wa masiku 33, cha pa 19. Wa masiku 30, cha pa 16. Ngati munkakhalira limodzi pa 13, 14 ndi 15 n'kupumula, pa miyezi inayiyo umodzi munachedwa kapena kungokhudza kumapeto, wina munafulumira kwambiri, wina munangokhudza koyambirira kwa masiku otengera pakati, ndipo mwayi weniweni unali m'mwezi umodzi wokha. Banja lathanzi lopanda vuto lililonse, ngakhale litagunda masiku oyenera, silitenga mimba mwezi uliwonse, ambiri amadikira miyezi ingapo. Inu mwayesa zenizeni kamodzi kapena kawiri.

Ndikukumbukira mayi wina amene amuna ake ankayendetsa galimoto yaikulu yopita ku Beira. Anabwera ndi kalendala ya pakhoma atapinda m'chikwama, mwezi uliwonse atazunguliza tsiku la 14 ndi cholembera chofiira, ndipo bambowo ankayesetsa kukonza maulendo awo kuti tsiku limenelo akhale pakhomo. Titakhala pansi n'kuwerenga, mwezi wake unali wa masiku 33 kapena 34. Bambo ankanyamuka pa 16, dzira n'kumatuluka pa 19 kapena 20 iwo ali pa msewu. Tinangosuntha chozunguliza chofiira chija, popanda mankhwala alionse, ndipo chaka chisanathe ndinamuona ku sikelo ya amayi oyembekezera.

Nanga za magazi oundana? Apongozi anu musawayankhe mwachipongwe, chifukwa akunena zimene ambiri anakulira akumva, ndipo akunena pofuna mdzukulu. Koma zoona zake ndi izi. Mankhwala a mu Depo ndi ofanana ndi progesterone. Akakhala m'magazi miyezi itatu yonse, ubongo umakhala ngati ukumva kuti dzira latuluka kale, ndiye sutumiza LH yambiri ija ndipo dzira silituluka. Estrogen simakwera mokwanira kumanga khungu la m'chiberekero, ndipo khungulo limakhala lopyapyala kwambiri. Popanda chomangidwa palibe choti chigumuke. Magazi a msambo sasungidwa penapake kudikira tsiku lotuluka, amachokera ku khungu limene lamangidwa mwezi womwewo. Mayi wa Depo akajambulidwa chiberekero sitipezamo magazi, timapeza kamzere kopyapyala. Pafupifupi theka la amayi obayitsa jakisoniyu amasiya kusamba akatha chaka, ndipo palibe choopsa pamenepo.

Chimene jakisoni amachita, ndipo ife a zaumoyo tiyenera kumanena momveka tisanabaye munthu, ndi kuchedwetsa kubwerera kwa mphamvu yobereka. Mankhwalawa amatuluka m'thupi pang'onopang'ono. Pa avereji amayi amatenga pakati patatha miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena msanga, ena amapyola chaka ndi theka, ndipo kutalika kwa zaka zimene munabayitsa sikuonjezera kuchedwako. N'chimodzimodzi ndi Sayana Press, jakisoni wodzibaya wekha uja, poti mankhwala ake ndi omwewo. Miyezi yoyamba msambo ukabwerera, mutu ndi mazira zimakhala zikuphunziranso kumvana, mwezi wina dzira limachedwa, mwezi wina mwina silituluka n'komwe. Kusinthasintha kwanuku ndikukuona motero, ndipo ndikuyembekeza kuti miyezi ikubwerayi masiku anu ayamba kuyandikana.

Dziwaninso kuti popeza lamulo limachokera mu ubongo, zimene zikukuchitikirani pa moyo zimafika mpaka ku mazira. Maliro, mikangano ya m'banja, malungo, njala, kuonda msanga kapena ntchito yakalavulagaga zimachedwetsa kugogoda kwa GnRH kuja, dzira limachedwa, ndipo msambo nawo umachedwa. Kuyamwitsa kumakweza homoni ya prolactin imene imatsekereza dzira. Vuto la chithokomiro limasokonezanso. Palinso matenda a PCOS, pamene mayi amatha miyezi iwiri kapena itatu osasamba, amanenepa, amamera ndevu kapena tsitsi pachifuwa, ndipo mazira ake amayamba kukula koma osakhwima. M'kalata yanu sindikuonamo zimenezi.

Chimene ndikukupemphani ndi chapafupi. Gulani kope, mulembe tsiku loyamba la msambo uliwonse, masiku amene magazi atenga, ndi masiku amene mwaona therere lija. Thupi lanu likuuzani zoona kuposa foni, chifukwa pulogalamu imangowerenga masiku, sioona chimene chikuchitika mkati. Musadikire tsiku limodzi. Kuyambira msambo ukatha mpaka cha pa tsiku la 22, khalirani limodzi pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka masiku a chikazi choterera. Mukatero mbewu imakhala ilipo nthawi iliyonse imene dzira lingatuluke, ndipo banja silisanduka ntchito ya pa kalendala. M'mafamase a m'tauni mumapezeka timapepala toyezera LH mu mkodzo, timathandiza, koma si tofunikira kwa aliyense. Yambani kumwa folic acid tsiku lililonse musanatenge pakati, chifukwa amateteza msana ndi ubongo wa mwana pa masabata oyambirira, nthawi imene ambiri sadziwa n'komwe kuti aima. Cham'mimba chikavuta, bulufeni amathandiza poti amachepetsa prostaglandin, mumwe mutadya ndipo musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba. Koma msambo ukachedwa, musiyeni, mumwe panado ndipo muyezetse mimba. Mankhwala a zitsamba otsuka chiberekero ndikukuletsani ndi mtima wonse. Ndaona amayi atamwa ali kale ndi pathupi pa masabata awiri osadziwa, n'kupita padera.

Kwa owerenga ena amene akufuna kulera powerenga masiku, njira ya mikanda imayenera mayi amene mwezi wake umakhala pakati pa masiku 26 ndi 32, ndipo masiku opewa ndi 8 mpaka 19. Amene msambo wake ukusinthasintha ngati wa mayi athuwa asaidalire.

Pali zina zosafunika kudikira. Msambo ukachedwa kenako mwamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya pachinena, kutuluka timagazi, chizungulire kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala usiku womwewo, chifukwa ikhoza kukhala mimba yokhala mu njira ya dzira ndipo imapha msanga ikaphulika. Pitaninso ngati magazi akupitirira masiku 8, ngati padi ikudzaza ola lililonse, ngati mukutuluka zibuma zikuluzikulu kapena mwayamba kufooka ndi kuyera m'maso, ngati mwatha miyezi itatu osasamba koma mimba palibe, ngati mabere akutuluka mkaka musakuyamwitsa, kapena ngati cham'mimba chikukulepheretsani kudzuka mwezi ndi mwezi. Magazi otuluka mukatha kugonana kapena pakati pa mwezi mobwerezabwereza musawanyalanyaze. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri, ndipo kuyezetsa kwa VIA (kuyang'ana khomo la chiberekero atapakapo viniga) kumachitika mwaulere m'zipatala zambiri za boma, kumangotenga mphindi zochepa. Ngati munakulira kufupi ndi nyanja kapena kumasamba m'madambo, auzeni achipatala, poti likodzo limathanso kugwira ziwalo zoberekera n'kumatulutsa magazi.

Za mwana amene mukumufunayo, ine ndinganene kuti muwerenge miyezi 12 kuchokera pamene msambo unabwerera, mukukhalira limodzi mmene ndafotokozeramu. Mukanakhala ndi zaka 35 kapena kuposa ndikanati miyezi 6. Nthawiyo ikakwana mimba isanabwere, yambirani pa chipatala cha boma cha kwanu, ndipo kukafunika akutumizani kwa madokotala a amayi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko angayeze progesterone m'magazi, ndipo kumbukirani kuti kuyezako kumayenera kuchitika masiku 7 msambo usanafike, osati tsiku la 21 kwa aliyense. Angaonenso chithokomiro, prolactin, ndi njira za mazira ngati zili zotseguka. Abambo akunyumba apite nawo kukayezetsa umuna, ngakhale muli kale ndi mwana, chifukwa vuto la kusabereka limapezeka mbali zonse ziwiri ndipo kuyeza kwa abambo ndi kumene kuli kosavuta koposa. Popita musaiwale kope lija ndi buku lanu la kuchipatala lolembedwa tsiku la jakisoni womaliza.